Ndigulitse kaye kapena ndiyambe ndapeza kolowera?

Makalata amene afika mwezi uno ambiri akuzungulira pa nkhani imodzi, munthu ali ndi nyumba akufuna agulitse agule ina koma sakudziwa ayambe chiti. Nde ndasankhapo angapo, ena ndawadula chifukwa anatalika, ndipo mayina ndachotsa ngati mmene timachitira nthawi zonse.

FUNSO: Ankolo, ine ndi bambo a kunyumba tili ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Chilomoni, tinamanga tokha pang'onopang'ono. Pano ana akula ndipo poloti ndi yothina moti galimoto timakagoneka kwa aneba. Kwabwera munthu akufuna atipatse K45 miliyoni kashi koma akuti tituluke mwezi ukamatha. Ife kolowera sitinapeze, tangoona imodzi ku Chileka ya K58 miliyoni, mwini wake ali ku Joni ndipo amene akutionetsa ndi mlamu wake. Bambo akuti tilandire ndalamazo tikakhale pa lendi kaye tizisaka modekha, koma ine mtima ukukana. Titani? Mayi wa ku Chilomoni

YANKHO: Mayi, mtima wanuwo musaunyoze. Bambo sakulakwa kufuna kusaka modekha, koma kudekha ndalama ya kwacha itakhala mu akaunti kwaliritsa anthu ambiri mu Blantyre muno. Mukukumbukira Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, kenako Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti kamodzinkamodzi. Munthu amene anagulitsa nyumba mu Okutobala chaka chimenecho nkumati ndigula ikadutsa Khrisimasi, anadzuka mmawa ndalama zake zili zomwezo koma simenti, malata, zitsulo, matailosi zonse zakwera, ndipo eni nyumba zogulitsa ena anangozichotsa pamsika pomwe ena anasintha mitengo sabata yomweyo. Nyumba imakwera limodzi ndi zinthu, ndalama ya mu akaunti siikwera. Olo kwacha asaigwetse mwadzidzidzi choncho, mmene mitengo yakhala ikuthamangira zaka zapitazi, miyezi sikisi yokha ikukwana kuti K45 miliyoni yanuyo igule nyumba yochepa kuposa imene mwagulitsa.

Kuonjezera apo kukhala pa lendi kumadya ndalama mwakachetechete. Landilodi afuna miyezi itatu pamodzi, amene wakupezerani nyumbayo afuna yake, lole mulipira kawiri, makabati ndi mabedi athyoka kawiri, ndipo nkhani ikangomveka kuti a ku Chilomoni aja agulitsa nyumba mafoni ayamba kulira. Uyu fizi, uyu wagonekedwa kuchipatala, kumudzi kwagwa zovuta, wina ali ndi oda ya ku Tanzania akuti mungondibwereka mwezi umodzi basi. Sikuti abale ndi oipa ayi, mavutowo ndi enieni, ndipo inuyo kukana kumavuta chifukwa ndalamayo ilipodi. Pofika tsiku loti mwaipeza nyumba ya kumtima kwanu mupeza mwatsala ndi K39 miliyoni.

Koma musathawirenso mbali inayo, yoti mukapereke dipoziti ku Chileka musanasainirane ndi wogula wanuyu. Anthu ogula nyumba amasintha maganizo, wina amati kashi ilipo pomwe akudikira ngongole ya kubanki yomwe siinavomerezedwe, wina akudikira agulitse galimoto. Akakuthawani inu mutapereka kale dipoziti kwina, mukhala ndi nyumba yakale, ngongole yatsopano ndi dipoziti yoti kuibweza ndi nkhondo. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Lonjezo la pakamwa la K45 miliyoni musaliwerengere mpaka litalembedwa ndipo dipoziti yake italowa.

Chimene ndikukulangizani ndi choti malonda awiriwa muwamange pamodzi ndi mapepala komanso madeti. Muuzeni wogulayo kuti mtengo mwavomera koma kutuluka mwezi uno ayi, mukufuna masiku 60 kapena 90. Pitani naye kwa loya akulembereni mgwirizano wa malonda, apereke dipoziti, ndipo mu mgwirizanomo mulembedwe deti lomalizira ndalama, deti lopereka makiyi, ndi chimene chichitike wina akabwerera mmbuyo. Ndalama zitha kukhala mu akaunti ya loya yosungira ndalama za makasitomala mpaka mapepala atatheka, nde wogula sakuopa kuti muthawa nazo, inunso simukuopa kuti alowa mnyumba asanamalize. Njira ina imene imayenda bwino ndi yoti amalize kulipira, nyumba ikhale yake, koma inu mukhalemobe miyezi iwiri kapena itatu ngati alendi ake pa mtengo woti mwagwirizana ndipo mwalemba. Ambiri ogula nyumba ku Chilomoni amagula kuti aikemo alendi, nde kwa iye ndi phindu kuti mlendi woyamba wapezeka kale. Mukatero mwasamuka kamodzi kokha, ndipo ndalama mwazigwira nthawi yomwe mukukambirana mtengo ku Chileka, zomwe zimakupatsani mphamvu chifukwa wogulitsa akaona kuti ndalama zilipo pompano amatsika.

Akakana zonsezi nkumati mwezi uno kapena basi, musiyeni apite. Changucho ndi chake, si chanu. Nyumba ya zipinda zitatu ku Chilomoni, pafupi ndi tauni chonchija, siisowa wogula.

Za kashi ija ndinenepo. K45 miliyoni mma K5,000 ndi mapepala 9,000. Musalole kuti abwere nazo mchikwama muziwerengera pa tebulo la pabalaza makatani atatsekedwa, simungathe kuona pepala lililonse ngati lili lenileni, komanso amene akudziwa kuti usiku umenewo mnyumba mwanu mwagona ndalama si inu nokha. Zidutse kubanki, akaunti kupita ku akaunti, pakhale umboni.

Pamene mukudikira, konzani mapepala a nyumba yanuyo chifukwa ndi amene amachedwetsa anthu. Onani kuti malowo ali pansi pa ndani, khonsolo ya mzinda, a Malawi Housing Corporation kapena a Lands, poti aliyense ali ndi njira yake yosinthira umwini ndipo palibe amene angakusainireni muli ndi ngongole ya city rates kapena ground rent. Ngati pali title deed, lomwe ndi pepala la boma la umwini wa malo, pafunikanso chilolezo chosinthira umwini ndi chiphaso cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Zimenezi sizitheka sabata imodzi, nde yambani lero.

Ya ku Chileka ija, mlamu si mwini nyumba. Atha kukhala munthu wabwinobwino koma alibe mphamvu yosaina pokhapokha ali ndi power of attorney, kalata yomupatsa mphamvu yosaina mmalo mwa mwini wake, yolembedwa mwalamulo, ndipo loya wanu aione ndi maso, osati chithunzi cha pa WhatsApp. Mulankhule ndi mwini wakeyo pa vidiyo, dzina la pa chiphaso chake cha unzika lifanane ndi la pa mapepala a malo, ndipo ndalama zipite ku akaunti ya dzina lomwelo. Dziwaninso kuti mbali yaikulu ya Chileka ili kunja kwa malire a mzinda ndipo malo ambiri kumeneko anachokera kwa mafumu, nde funsani ngati pali lizi kapena ndi kalata ya amfumu yokha, chifukwa mitengo ya ziwirizi siingafanane.

Komaliza, K13 miliyoni yotsalayo ichokera kuti? Ndipo si 13 yokha, pali msonkho wa boma wa stamp duty, loya, woyeza mtengo wa nyumba, ejenti, lole, penti, mwina mpanda. Ngati mukuganiza za kubanki khalani pansi ndi pensulo. Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti mu Febuluwale 2024 ndipo mabanki amabwereketsa anthu wamba pamwamba pa pamenepo. Tingoyerekeza akupatsani pa 30 peresenti, K13 miliyoni ikubala K3.9 miliyoni pachaka, kutanthauza K325,000 pamwezi ya chiwongoladzanja chokha musanayambe kubweza ngongole yeniyeniyo. Ngati malipiro a nonse awiri sangasenze zimenezo, sakani nyumba ya mtengo wa ndalama zomwe muli nazo.

FUNSO: Ine ndimachita lendi ku Ndirande koma ndasunga kandalama. Mu Ogasiti anandionetsa nyumba chakumtunda kwa Manja, yopentedwa bwino, mtengo wake wotsika kuposa zina zonse zimene ndaona. Akazi anga aikonda. Ndili ndi ana awiri, wina ali sitandade 8 wina fomu 4. Ndigule? Nanga nthawi yabwino yosamuka ndi iti? Bambo wa ku Ndirande

YANKHO: Achimwene, funso loyamba ndi loti mtengo watsikiranji. Nyumba mu Ogasiti zonse zimaoneka bwino, kunja kuli gwa, msewu ukudutsika, makoma auma. Nyumba ya mu Blantyre imanena zoona mu Januwale ndi Febuluwale mvula ikamagwa masiku atatu osakata. Ndipo dera mwatchulalo tonse tikudziwa zimene zinachitika mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy, matope ndi miyala zinatsika mphiri la Soche usiku nkukokolola nyumba ku Manja ndi ku Chilobwe, mabanja athunthu anapita. Sindikunena kuti Manja yense ndi woopsa, kuli malo abwino okhazikika ndipo anthu akukhala mwamtendere, koma mawu oti chakumtunda andiimitsa mutu. Khonsolo yakhala ikunena kwa zaka zambiri kuti mmbali mwa mapiri ndi mmphepete mwa mitsinje si momanga nyumba, nde pena kutchipako ndi chifukwa choti mwini wake akuthawa, kapena malowo alibe pepala lililonse lovomerezeka.

Bwererani mukaionenso, ulendo uno musapite ndi amene akugulitsayo. Imani kuseri kwa nyumba muyang'ane kumtunda, kodi kuli miyala ikuluikulu yongotsamira, kuli chigwembe choloza pa nyumbayo, mitengo ilipo kapena phiri ndi lometa? Yang'anani mmunsi mwa makoma, ngati penti yatsopano yapakidwa kuyambira pansi kulekeza mmawondo basi, akubisa mzere wa chinyezi. Gogodani pulasitala ndi kiyi, ikamalira ngati mkati muli mphako ndiye kuti yatukuka. Lowani muyang'ane siling'i mmakona, madontho achikasu ndi denga lodontha. Mng'alu woyenda mopingasa kuchoka pa kona ya windo kutsika pansi, woti mutha kulowetsamo ndalama yachitsulo, umenewo ndi wa maziko ndipo simenti yongomata siithetsa. Tsegulani zitseko zonse, chitseko chokakamira pansi chimanenanso kuti nyumba ikusuntha. Onani chimbudzi ndi septic tank zili mbali iti, komanso madzi a kwa aneba akumtunda amadutsa pati. Mukatero pitani pa kabenchi ka amayi ogulitsa tomato pafupi pomwepo, gulani mulu umodzi nkuwafunsa kuti madzi a Freddy anafika pati. Iwo ndi anyamata a kabaza akuuzani zonse zimene ejenti sanganene, kuphatikiza ngati galimoto imafika pakhomo nthawi ya dzinja.

Izi si za ku Soche kokha. Aliyense amene akuona nyumba kufupi ndi mitsinje ya Mudi, Nasolo, Naperi, Likhubula kapena Lunzu achite chimodzimodzi.

Madzi akumwa musaiwale. Madzi ambiri a mu mzinda uno amachokera ku Walker's Ferry mu mtsinje wa Shire, amachita kupopa kukwera mtunda wautali kudzera ku Chileka, nde magetsi akavuta kapena paipi yaikulu ikaphulika madera okwera ndi amene amayamba kuuma nkumaliza kulandira. Tsegulani mpopi nokha, ndipo mukaona zigubu ndi madiramu zili mbwee pakhonde la nyumba iliyonse mu mzerewo mwapeza yankho. Mwezi wabwino woyesera zimenezi ndi Okutobala kukatentha. Yesaninso ulendo wa kuntchito nthawi yeniyeni, mukakwere minibasi 6 koloko mmawa tsiku la ntchito muone nthawi ndi ndalama zake, kenako mukafikenso kumeneko kutada muone ngati mungatsike basi nkuyenda wapansi mtima uli mmalo.

Ngati mungathe kudikira mpaka mvula itagwa ndithu musanalipire, dikirani. Akakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, mawu amenewo amauza aliyense.

Tsopano za kusamuka. Ndi ana awiri a mayesowo musasunthe banja pakati pa chaka cha sukulu. Chaka chimayamba mu Seputembala nkutha mu Julayi, mayeso a sitandade 8 amalembedwa cha mu Meyi ndipo a fomu 4 amafika mpaka mu Julayi, ndipo mwana amalembera pa sukulu imene analembetsera ku MANEB. Mukasamuka mu Febuluwale ndiye kuti mwana wa sitandade 8 azikwera maminibasi awiri mmawa uliwonse mvula ili pamsana kubwerera ku Ndirande, nthawi yomwe amafunika kuwerenga. Kumbukiraninso kuti akakhoza, masukulu a sekondale oyendera amasankha ana ochokera mmasukulu a pulayimale ozungulira dera lomwelo, nde atha kusankhidwira kufupi ndi Ndirande inu muli kwina, pamenepo mudzafunika kukapempha transifa ku ofesi ya maphunziro. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Julayi mpaka mu Ogasiti, mayeso atha, sukulu zatseka, misewu yauma, matilesi sanyowa pa lole, ndipo muli ndi miyezi iwiri kapena itatu yokonza denga ndi ngalande mvula ya Novembala isanafike. Lole musaifune pa 30 kapena pa 1 pomwe tauni yonse ikusamuka, eni malole amakweza mtengo ndipo amakuthamangitsani kuti akanyamule wina. Gwirizanani ndi alandilodi anu kuti mutuluke chapakati pa mwezi olo mutaluza masiku angapo a lendi, ndipo notisi muwapatse yolemba.

FUNSO: Ankolo ndatopa ndi madobadoba. Aliyense akufuna ndalama yoonera nyumba, ndalipira kambirimbiri koma nyumba zake kukafika ndi zosiyana ndi zithunzi za pa Facebook. Pano wina wandipezera ina ku Machinjiri, akuti ndipereke theka lero chifukwa pepala la amfumu lilipo. Ndine nesi, ndalamayi ndaivutikira. Chemwali wa ku Zingwangwa

YANKHO: Achemwali, theka lero ayi. Olo kota ayi. Madobadoba ena ndi anyamata olimbikira amene amadziwa kanjira kalikonse ndipo amathandizadi, koma ntchito yawo ndi kukulozerani nyumba basi, ndalama ya nyumba siidutsa mmanja mwawo. Ndalama yoonera ija ena anaisandutsa bizinesi payokha, nyumba imodzi yomweyo amaonetsa anthu teni pa tsiku podziwa kuti siikugulitsidwa nkomwe. Muuzeni kuti transipoti mulipira nokha, yake alandira malonda akatheka, ndipo peresenti yake mugwirizane poyamba polemba, komanso mudziwe ngati akulipidwa ndi wogulitsa kapena ndi inu chifukwa ena amadya mbali zonse ziwiri, kwinaku atakweza kale mtengo umene mwini nyumba ananena. Alipo ma estate agent olembetsedwa mwalamulo, okhala ndi ofesi yoti mutha kubwererako zinthu zikavuta, pa ndalama yaikulu chonchi bola amenewo.

Za pepala la amfumu. Machinjiri ndi yaikulu ndipo malo ake si amtundu umodzi, kuli mapoloti oyezedwa okhala ndi manambala, kulinso malo amene anthu anagawana kudzera kwa mafumu. Kalata ya amfumu imathandiza kusonyeza mbiri ya malowo koma si title deed, banki siilandira ngati chikole, ndipo malo amodzi atha kukhala ndi makalata atatu otero kwa anthu atatu osiyana. Malamulo a malo anasintha mu 2016 nkukonzedwanso mu 2022, nde zimene ankachita amalume anu pogula malo kale musazitengere.

Funsani nambala ya poloti. Ngati ilipo, pitani nayo kumene malowo amayang'aniridwa, kaya ndi ku Civic Centre ku khonsolo, kaya ku Housing, kaya ku Lands, mukaone dzina limene lili mu faelo. Ngati pali title deed loya apange search ku kaundula wa malo, imeneyo imaonetsa mwini wake weniweni, zaka zimene zatsala pa lizi poti malizi ambiri a nyumba amakhala a zaka 99, komanso ngati nyumbayo inaikidwa chikole kubanki kapena wina anaikapo caution, chenjezo loletsa kusintha umwini. Nyumba ya chikole itha kugulidwa koma ngongoleyo iyambe yathetsedwa kudzera kwa maloya, osati kumupatsa mwini wake ndalama kuti akalipire yekha. Akulozereninso mabikoni onse a mmakona, aneba a mbali zonse alipo, chifukwa mpanda si malire.

Ndipo mufunse ngati wogulitsayo ali pabanja. Nyumba zambiri zimagulitsidwa mayi wa pakhomo asakudziwa, inu mwalipira, tsiku lolowa mukupeza mayi ndi ana akhala pakhonde ali ndi chiletso cha kukhoti. Onse awiri asaine, mboni zilipo. Loya amadula inde, koma poyerekeza ndi ndalama ya zaka zonse zimene mwagwira ma naiti kuchipatala, ndi yochepa.

FUNSO: Tikufuna kugula nyumba ku Kanjedza, mwini wake anamwalira ndipo akugulitsa ndi mwana wake woyamba. Akuti abale ake onse anavomera. Ife tagulitsa kale yathu ku Bangwe ndipo tikuyenera kutuluka pakutha pa miyezi iwiri. Zitheka? Banja la ku Bangwe

YANKHO: Zitheka koma miyezi iwiri ndikukayika, nde yambani kufunsa wogula wanu ngati angakuonjezereni nthawi. Kukhala woyamba kubadwa sikupereka mphamvu yogulitsa chuma cha masiye. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana onse, ndi obadwa kwina omwe, ndipo woyenera kusaina ndi amene khoti linamupatsa letters of administration, pepala lomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha womwalirayo, kapena amene anatchulidwa mu wilu khoti nkuitsimikiza, nthawi zina ndi ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye ya Administrator General. Muuzeni akuonetseni pepala limenelo. Ngati alibe, kulitenga kumafuna nthawi, ndipo mchemwali mmodzi yekha wa ku Lilongwe kapena ku UK akangoti ine sanandifunse, zonse zaima. Ngati pepalalo lilipo, pemphanibe kuti onse olandira gawo asaine kuti avomera, ndi manambala a ziphaso zawo. Pakadali pano musasiye kuona nyumba zina, ndipo musapereke kanthu kokuti tithandizeni tikatengere mapepala kukhoti pokhapokha zitadutsa kwa loya nkulembedwa kuti ndi gawo la mtengo.

FUNSO: Ndagula nyumba ku Chirimba, ndamaliza kulipira, koma muli alendi ndipo akuti sanauzidwe kanthu. Ine kumene ndikukhala notisi yanga ikutha pa 30. Anzanga akuti ndingochotsa zitseko atuluka okha. Mnyamata wa ku Mbayani

YANKHO: Achimwene, zitseko zisiyeni, malata asiyeni, madzi ndi magetsi musadule. Mukatero mlandu ukhala wanu, ndipo anthuwo sanakulakwireni, amene analakwa ndi wogulitsa amene sanawauze, ndipo mu mgwirizano wanu munafunika mawu oti nyumba muilandira ilibe munthu pofika deti lakuti, ndalama yomaliza nkuperekedwa tsiku lomwelo. Poti zadutsa kale, pitani mukakhale nawo pansi mwaulemu limodzi ndi amene anakugulitsaniyo. Funsani ngati ali ndi pepala la lendi ndipo analipira mpaka liti, chifukwa ngati analipiriratu miyezi itatu ndalama ya miyezi yotsalayo wogulitsa akuyenera kukupatsani inu kapena kuwabwezera iwo, pamodzi ndi dipoziti yawo. Apatseni notisi yolemba, asaine kuti alandira, ndipo ikhale ya nthawi yoti munthu wa ana atha kupeza kolowera, mwezi wathunthu ndiye wochepetsetsa kwa olipira pamwezi. Pena kuwathandiza ndalama ya lole kumatchipa kuposa kukokana. Akakanitsitsa notisi itatha, njira ndi ya kukhoti, ndipo otulutsa munthu ndi a sheriff atatenga chilolezo cha khoti, osati anzanu aja.

Kwa alandilodi anu pitani lero lomwe musadikire pa 29, apempheni mwezi umodzi kapena iwiri yoonjezera asanalonjeze nyumbayo kwa wina. Tsiku lolandira makiyi ku Chirimba jambulani mita ya madzi ndi ya magetsi manambala akuoneka, pitani ku Water Board ndi ku ESCOM mukafunse ngati pa akauntipo pali ngongole yakale chifukwa olo mita ya prepaid itha kukhala ndi ngongole imene imadulidwa mukamagula mayunitsi, musinthitse dzina, ndipo maloko a zitseko zakunja ndi a pageti mugule atsopano tsiku lomwelo.